Kanema wa Amuna Ovala Zoyera

LACHIWIRI

Josephat, 06:41
Tangolotani nonse awiri. Ndi kanema uti wakale, wopanda mitundu, m'mene amuna atatu ovala zoyera, ophimba nkhope, amafika pamudzi dzuwa lili pamutu, ndipo mayi wina amatuluka m'nyumba liwiro atasenza miphika?

Jairos, 06:58
akulu mmamawa muno mwayamba kale mayeso? ndili pa border kudikira matumba a soya

Josephat, 07:01
Si mayeso, mng'ono wanga. Ndi kanema uja wa atate ndi amayi. Loweruka likudzali akukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ali pabanja. Dzulo atate anandiuza kuti safuna jekete, safuna keke. Akufuna kuonanso kanema ameneyo diso latsalali lisanatseke. Ine ndinavomera, amayi ali pomwepo.

Jairos, 07:03
mwalonjeza film yoti dzina lake simulidziwa kkkkk

Josephat, 07:06
N'chifukwa chake ndalowetsa Rukia pagulu lino. Anali wophunzira wanga ku Sinda, tsopano ali ndi shopu pa Katete yoika mafilimu m'mafoni. Rukia, uyu ndi Jairos, mng'ono wanga wa ku Vubwi. Amalemba ngati nkhuku ikupalasa, umupirire.

Rukia, 07:19
mwauka bwanji sir. mwauka bwanji ankolo jairos 😄 ndipatseni chaka, dzina la actor, chilichonse

Josephat, 07:27
Chaka ndi 1961. Galimoto ya boma inkayenda m'midzi ndi chinsalu choyera ndi chimkuzamawu. Atate anaonera pa Katete Lachitatu, amayi anaonera ku Mkaika Lachisanu la sabata lomwelo. Lamulungu anakumana pabwalo la tchalitchi, asakudziwana n'komwe, n'kuyamba kutsutsana za kanemayo. Patapita zaka ziwiri anakwatirana. Kutsutsanako sanasiyebe.

Rukia, 07:29
aww. nanga diso lili bwanji sir

Josephat, 07:33
Lakumanzere linafa kale. Lakumanja adokotala akuti si ng'ala ayi, ndiye palibe chochotsa. Likuchepa mphamvu mwezi ndi mwezi. Chaka chamawa sitidziwa.

Josephat, 12:40
▶ uthenga wa mawu 0:52
▶ uthenga wa mawu 1:07

Jairos, 13:15
network ya kuno siitsegula voice. lembani pls

Josephat, 13:31
Woyambawo ndi atate. Ndalemba monga ananenera.
"Inali bayisikopo ya mizukwa, mwanawe. Itatu, yoyera mbee, yopanda nkhope. Ikufika pakhomo, anthu onse thawani panja. Iyo n'kulowa, m'katimo utsi tolo. Uja ankalankhula pa chimkuzamawu anatiuza bwinobwino kuti ndi akufa a m'nyumbamo, abwera kudzafunsa chifukwa chake abale sanawachitire bona. Ine tsitsi linaima."

Josephat, 13:38
Wachiwiri ndi amayi.
"Musawamvere atate anuwo. Mzukwa umayenda masana? Mzukwa umanyamula mfuti? Zinali mbava za ku Joni, zitaphimba nkhope kuti zisadziwike. Katundu yense panja, mphasa, miphika, ndi nkhuku zomwe. Mfuti zake zazitali zowonda, zipolopolo m'chigubu kumsana. Bwana wawo ankatchedwa Kabamasana. Ine ndinali kutsogolo, ndinamva ndi makutu angawa."

Jairos, 13:40
team masteni 💪 imeneyo ndi ya ma gangster basi

Josephat, 13:49
Ine ndili kumbali ya atate. Ndipo ndinene mosabisa, makanema a mizukwa akale ndiwo anali makanema. Sakuonetsa chinthucho ayi. Chitseko chimangotseguka chokha pang'onopang'ono, kandulo n'kuzima, iwe n'kuyamba kukumbukira machimo ako. A masiku ano amangothira magazi ngati kubutchala.

Jairos, 13:53
mizukwa ya azungu ndi ya matama akulu. imangokhala mnyumba za upstairs. munaonapo mzukwa mnyumba ya lendi ya 2 rooms?

Jairos, 13:55
koma ma gangster akale eee. suti, chipewa, nsapato zowala. bwana wawo sakalipa, amangolankhula motsitsa ngati abusa pa maliro, munthu wapita

Josephat, 13:57
Ndipo onse amafa pomaliza.

Jairos, 13:57
amafa atatchena

Rukia, 14:20
pepani ndinali ndi customer. koma nonse mwaphonya 😂 chigubu kumsana, nkhope zophimba, mfuti yotulutsa utsi. awo ndi anthu a ku nyenyezi

Josephat, 14:22
Rukia, ndinakuphunzitsa kuganiza mofatsa.

Rukia, 14:28
ndikuganiza mofatsa sir. ma series akale a mu space ndawaonera onse amene ndili nawo. chombo chake ukachiyang'anitsitsa ndi makatoni, munthu akatsamira khoma limagwedera, planet iliyonse imafanana ndi kuseri kwa phiri la pa katete. koma nkhani zake zimakugwira. ndipo suti zawo ndi zimene amama afotokozazo ndendende

Jairos, 14:30
ndiye alien wachoka ku nyenyezi kudzaba miphika?

Rukia, 14:31
mwina kwawo kulibe dothi loumbira

Jairos, 14:31
kkkkkk mwana wa sukulu wanuyu akulu

LACHITATU

Rukia, 09:12
sir ndapeza 6 zakale za black and white. 3 za mizukwa, 2 za ma gangster, 1 ya mu space chfkw mtima wanga sunalole kuisiya. dutsani pa shop mutenge pa flash

Josephat, 09:40
Zikomo kwambiri. Ndikaweruka ndikwera minibasi, ndidzera kwa iwe, kenako ku Mkaika.

Josephat, 16:05
Ndafika. Atate agwira foni pafupi ndi mphuno, akuti akungoona ngati nyerere pa shuga.

Rukia, 16:07
foni ndi yaing'ono sir. loweruka ndibweretsa projector. lero angomva mawu, inu muziwafotokozera

Jairos, 16:50
ziri bwa?

Jairos, 17:10
akulu??

Josephat, 17:34
Onse asanu ndi mmodzi akanidwa. Atate akuti, "Iyi ndi mizukwa ya ku Mangalande, ya masitepe ndi piyano. Yanga inali pamudzi ngati uno, nyumba ya udzu, ndipo mbuzi inadutsa." Amayi avomereza za mbuziyo. Ndi chinthu choyamba chimene agwirizana pa nkhaniyi chibadwire changa.

Rukia, 17:38
film ya 1961 yojambula pa mudzi wa kuno? sir zimenezo pa net nzosowa heavy

Josephat, 17:52
Pali chinanso chandidetsa nkhawa. Amayi akuti patapita miyezi ingapo mbavazo zinabweradi ku Mkaika pa lole, zitatu zomwe zija, ndipo amalume awo a Solomoni anazithamangitsa ndi mpini ndi agalu. Atate akuti kwawo ku Sinda mizukwayo inafikanso, banja lonse n'kuswera m'munda wa chimanga mpaka itachoka. Onse awiri akunena osaseka. Kodi ukalamba wayamba kuwasokoneza?

Jairos, 17:58
masteni sasokonezeka. sabata yatha anandikumbutsa mbale yomwe ndinaswa mu 1989, ndi maluwa ake omwe

Rukia, 18:03
ndifunafunabe sir. ndalemba pa ma group awiri a anthu okonda zakale

LACHINAYI

Josephat, 06:30
Rukia, pali chapezeka?

Josephat, 09:15
Rukia?

Jairos, 09:44
akulu ndikuuzeni nzeru. tiyike film iliyonse ya mizukwa pa chinsalu, tichotse sound, tinene kuti ndi yomweyo. madala saona bwino, sadziwa

Josephat, 09:51
Ayi. Maso afooka koma mutu uli bwino. Adziwa, ndipo adzangothokoza mwaulemu kuti ndisachite manyazi. Chimenecho ndicho sindingapirire.

Jairos, 09:53
ok pepani. ndimangoyesa

Josephat, 11:20
Atsala masiku awiri. Amayi aitana kale kwaya yonse, akuuza aliyense kuti Loweruka choonadi chidziwika.

Rukia, 14:46
SIR

Rukia, 14:46
SIR MULI PA FONI?

Josephat, 14:48
Ndili m'kalasi, koma lankhula.

Rukia, 14:55
agogo anga aamuna a hamidu amakhala pa khonde la shop masana. zaka 86. ndinatsegulanso voice ya atate anu pa speaker kuti mwina ndinaphonya china. atafika pa bona paja agogo ayamba kuseka mpaka kofia yagwa. ndayika ya amama. asanatchule dzina la bwana wa mbava, agogo akuti "kabamasana"

Jairos, 14:56
haa!! nawonso anaonera?

Rukia, 15:02
▶ uthenga wa mawu 1:49

Jairos, 15:03
lemba mwana iwe, kuno voice siitsegula

Rukia, 15:19
ndiyesa kulemba bwino chfkw sir akuona.
"Uwauze aphunzitsi akowo kuti wolankhula pa chimkuzamawu uja ndine. Ndinachoka ku Nyasalande mu 1959, ntchito n'kuipeza pa galimoto ya bayisikopo chifukwa ndinali ndi pakamwa. Mawu a m'filimumo anali a Chingerezi, ndiye tinkawazimitsa, ine n'kumawerenga pepala la Chinyanja limene anandipatsa ku ofesi. Tsiku loyamba ndinaliwerenga lonse mokhulupirika. Pomaliza panatsala agalu awiri ndi mkulu wina wogontha. Mzungu amene ndinkayenda naye anakwiya, ati sindidziwa ntchito. Mawa lake pepalalo ndinaliika m'thumba. Iye Chinyanja sankamva. Ankangoona bwalo ladzaza, anthu akukuwa, amayi akubisa nkhope, n'kumandisisita paphewa. Ndiye mudzi uliwonse ndinkaupatsa nkhani yakeyake, kuti nanenso ndisatope."

Josephat, 15:24
Ndakhala pansi. Ophunzira akundiyang'ana.

Jairos, 15:25
ndiye madala ndi masteni zaka 62 akukanganira bodza la agogo ako 😭😭

Rukia, 15:29
dikirani ankolo. ndawafunsa za anthu a ku nyenyezi. akuti ku vubwi kwanuko anawauza kuti ndi alendo ochokera ku mwezi abwera kudzayeza nyumba. NDINANENA INE

Josephat, 15:31
Ndavomera, Rukia. Tsopano afunse mwaulemu dzina la kanemayo, ndi kumene tingamupeze.

Rukia, 15:44
dzina akana. akuti ntchito inawathera chfkw cha film imeneyo, ndiye akalinena pamaso pa eni mkangano, osati pa foni

Rukia, 15:46
za kupeza, akuti inali pa chimkombero chachitsulo, anachibweza ku lusaka mu 62. sakhulupirira kuti chilipo

Josephat, 15:47
Ndiye palibe choonetsa.

Josephat, 15:59
Ndipita mawa ndikawauze atate ndekha. Ndinalonjeza ndi pakamwa panga, ndikapepesanso ndi pakamwa panga.

Rukia, 16:30
sir musapite kaye. agogo akufunsa, diso lijalo limaona chani kwenikweni?

Josephat, 16:34
Zinthu zikuluzikulu zimene zili pafupi, makamaka zoyera, ndipo kukhale dzuwa. Mwachitsanzo amazindikira abusa akavala mkanjo.

Rukia, 16:41
akuti basi zakwana. akuti chinsalu ndi projector ndisiye, zingangowalizitsa misozi. mawa ndikutumizirani zoti mukonze

LACHISANU

Rukia, 07:50
list ya agogo:
makoti oyera atali 3
nsalu zoyera zophimba nkhope 3
ma pump opopera thonje 3, otsuka ndi sopo, muthire madzi okha
speaker ya ku church
anthu 3 osachita manyazi

Josephat, 08:02
Anthu atatuwo ndi a chiyani?

Rukia, 08:04
ndinu ma actor sir. inu, ankolo jairos ndi wina. mukachitira pakhomo pa atate anu masana, iwo atakhala pafupi. agogo azilankhula pa speaker

Josephat, 08:06
Rukia, ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Ku Mkaika kuli makolo a ophunzira anga.

Jairos, 08:09
nkhope ikhala yophimba akulu. adziwira mimba yokha

Josephat, 08:10
Sindiyankha zimenezo.

Jairos, 08:14
ine ndikhale kabamasana pls. ndakhala ndikukonzekera moyo wanga wonse. koma ma pump a thonje bwanji?

Rukia, 08:17
akuti ndi amene akufanana ndi mfuti za mu film. ponena zimenezo asekanso mpaka kutsokomola

Josephat, 10:45
Makoti ndabwereka kwa mphunzitsi wa sayansi. Wachitatu akhala msuweni wathu Ezekieli, mapampu onse atatu ndi akenso. Ndamuuza kuti atsuke katatu.

Josephat, 12:30
Ndayesa chovalacho m'chipinda cha aphunzitsi nditatseka chitseko. Mayi wosesa analowa ndi kiyi wake. Tsache analisiya pomwepo.

Rukia, 12:33
😭😭😭 team mizukwa yagoletsa

Josephat, 12:40
Funso lomaliza. Kodi kumeneku si kunamiza atate kumene ndinakana dzulo?

Rukia, 12:58
ndawafunsa. akuti "filimu imene atate ake anaonera inatuluka pakamwa panga, chinsalu chinkangondiperekeza. pakamwapo ndikubwera napo"

Josephat, 13:02
Auze kuti galimoto idzawatenga pa shopu nthawi ya 10 koloko. Mbuzi adzazinga yekha mwana wawo mwa Chisilamu, ndakonza kale kuti adye momasuka.

LOWERUKA

Jairos, 07:22
akulu musakwiye

Jairos, 07:24
lole yomwe ndinakwera yathyoka spring tisanafike ndi pa tala pomwe. driver wapita pa njinga kukafuna welder

Josephat, 07:30
Uli bwino iweyo?

Jairos, 07:31
ndili bho, koma chipewa cha kabamasana ndinagula dzulo chili pa mwendo pano 💔

Rukia, 07:45
ankolo musadandaule, koti yanu ndivala ine. nkhope yophimba, palibe adziwe

Jairos, 07:46
uyende ngati bwana. osathamanga. bwana sathamanga

Josephat, 11:12
A Hamidu afika. Apatsana moni ndi atate. Atangoti "muli bwanji a Petro", atate atembenuza mutu, akuti mawu awa ndinawamva kuti? Tikuyamba 12 koloko.

Jairos, 11:14
muzindiuza chilichonse

Jairos, 12:20
zayamba?

Jairos, 12:55
rukia??

Jairos, 13:40
welder wabwera opanda ndodo zowotcherera. anthu inu ndiyankheni

Rukia, 14:31
📷 chithunzi

Jairos, 14:36
chatsegula theka. ndikuona mimba ya akulu ndi miyendo ya ezekieli kkkk. amene akuthamangawo ndani?

Rukia, 14:37
ndi amama anu!!

Josephat, 15:10
Ndikulembere bwino, mng'ono wanga, popeza unasowa. Atate tinawakhazika pampando mapazi atatu kuchokera pakhomo. A Hamidu anakhala pambali pawo ndi chimkuzamawu. Tinatulukira kuseri kwa nkhokwe, ine patsogolo. A Hamidu anatsitsa mawu n'kuti, "Taonani, abale, akufa a m'nyumba muno adzuka, ndipo ali ndi ludzu." Kwaya yonse inakuwa. Mbali ya mayi wa miphika tinapatsa mlongo wathu, koma amayi anamukankha, ati sadziwa kuthamanga kwake, n'kulowa okha, n'kutuluka ndi miphika iwiri pamutu akulira mokweza.

Josephat, 15:16
Atate anaimirira opanda ndodo. Anati, "Ndi yomweyi! Ndikuiona! Selina, taona, ilibe nkhope!" Ndinali ndi nsalu kumaso, ndiye palibe anaona zimene maso anga ankachita.

Jairos, 15:18
eish akulu

Josephat, 15:25
Kenako tinabwereza zomwezo osasintha kanthu, koma a Hamidu anasintha nkhani. Tsopano tinali mbava za ku Joni. Rukia anayenda monga unamuuzira. Amayi ankaloza atate ndi chala, "Mwamva? Mwamva?" Ezekieli anatengeka, anapopera madzi abusa.

Rukia, 15:27
abusa ndi amene anapempha kuti tichitenso ya ku mwezi. tinachita 😌

Jairos, 15:28
ndiye wawina ndani

Josephat, 15:39
Atate anafunsa funso lomwelo atagwira dzanja la a Hamidu. A Hamidu anatulutsa m'thumba la mkanjo pepala lofiirira, long'ambika m'mapindo, lija anabisa mu 1961. Analipereka kwa ine kuti ndiwerenge, ati Chinyanja changa ndi cha ku ofesi. Ndinawerenga mutu wake wokha. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi padothi. Atate anati, "Nanga tsopano tizikangana za chiyani?" Amayi anati, "Musade nkhawa, a Petro, ndili nazo zambiri ndinasunga."

Jairos, 15:40
kkkkk koma pa pepalapo panalembedwa chani

Jairos, 15:52
akulu

Jairos, 16:15
rukia iwe unalipo, inali film ya chani

Rukia, 16:17
afunseni sir, ine ndikudya keke

Jairos, 16:18
ndakhala pa thumba la soya maola 9 mu tchire muno. NDIUZENI

Josephat, 16:44
Anali kanema wa boma wophunzitsa anthu kutulutsa katundu m'nyumba ndi kulandira bwino opopera mankhwala a udzudzu.